Chipilala Chapakati

Pepalalo linali lobiriwira, ndipo kumunsi kwake kunali mzere umodzi wopanda kanthu. Pamzere umenewo pankayenera kusayina injiniya woyang'anira ntchito, kuchitira umboni kuti ine, Kalisto Mbewe, ndakhala miyezi isanu ndi umodzi pamalo omanga ndipo ntchito ndikuitha. Akukoleji anatiuza poyera kuti wobwera ndi pepala losasayinidwa sadzalemba mayeso otsiriza. Ndiye kuti zaka zanga zitatu zophunzira kumanga misewu ndi milatho zinatsamira pamzere umenewo. Ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pakati pa kope langa, ndipo kopelo silinkachoka m'thumba la malaya.

Makutu anga anatseka ndili mu Sitandade 6. Ndinadwala malungo aakulu, ndinagona masabata awiri kuchipatala cha mishoni, ndipo tsiku limene ndinatsitsimuka ndinaona amayi akutsegula ndi kutseka pakamwa popanda mawu. Ndinaseka, ndinkayesa akundiseweretsa. Iwo sanaseke.

Kuyankhula ndimayankhula ndithu, koma sindidziwa kukula kwa mawu anga. Ena amati ndimakuwa, ena amati ndimameza mawu, choncho ndinazolowera kukhala chete. Munthu akandiyang'ana n'kuyankhula mosathamanga, ndimawerenga milomo yake. Zikakanika ndimamupatsa kope ndi pensulo. Kukoleji aphunzitsi ankayankhula atayang'ana kubolodi, ine n'kumangoona nkhongo zawo. Amene anandinyamula ndi Alufeo, mnyamata wa ku Ntcheu amene tinkagona chipinda chimodzi. Iye ankaika kaboni pansi pa pepala lake, ndipo phunziro likatha ankasolola pepala lachiwiri n'kundipatsa. Ine ndinkamuwongolera masamu ndi zojambula.

"Iwe ndiwe mutu, ine makutu," ankatero. "Tikalekana tonse tafa."

Pofunafuna malo ogwirako miyezi isanu ndi umodzi ija, makampani anayi anandikana atangomva za makutu. Amene anavomera anali kontilakita wina amene ankamanga mlatho pamtsinje wa Kanyungu, kumunsi kwa phiri la Mphunzi, ulendo wa ola limodzi kuchokera kwathu. Anatenga ine ndi Alufeo. Chinali chaka cha 1986. Amayi atamva kuti ndizigona pakhomo, anagwira tambala wawo n'kukapereka kwa abambo mfumu kutchalitchi.

Kapitawo wathu anali a Zefaniya, mkulu wamfupi wa ndevu zophimba milomo. Kuwawerenga kunali ngati kusuzumira m'nyumba kudzera mumpanda wa udzu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kutembenukira anthu awo.

"Atitumizira injiniya wabwino," anatero, atakweza ndevu ndi chala kuti ndione bwino. "Uyu ungamutukwane mtundu wake wonse, iye n'kukuthokoza."

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, chifukwa nkhope zawo sizinali zoipa.

"Ndamva, a kapitawo," ndinatero.

"Ha! Gonthi wamva! Anyamata, samalani pakamwa. Uyu amamvera m'maso."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali a Maso.

Ntchito imene ndinkaikonda inali ya levulo, chipangizo cha miyendo itatu choyezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Woyang'ana m'levulo amaima tsidya lino, wogwira ndodo ya manambala tsidya linalo, ndipo pakati pawo pali mtsinje ndi mphepo ya m'mapiri. Palibe amamva mnzake. Aliyense amayankhula ndi manja: kweza, tsitsa, sunthira uko, basi pomwepo. Pamenepo tonse tinali agonthi, ndipo ine ndinali wamkulu wawo. A Zefaniya ataona kalembedwe kanga anandipatsanso buku la tsiku ndi tsiku, momwe mumalembedwa zonse za pamalopo: nyengo, chimene chamangidwa, chimene chavuta. Tsamba lililonse linali ndi kaboni. Lachisanu lililonse injiniya wathu, a Ezara Nkhoma, ankabwera pa Landirova, n'kusayina, n'kutenga masamba apamwamba kukawasiya ku ofesi ya kuboma.

"Bukuli ndi la a Maso," a Zefaniya anatero. "Sataya nthawi ndi miseche."

Miyezi inayi inayenda chotero. Ndinayamba kuganiza za nsapato zimene ndidzavale tsiku lolandira dipuloma.

M'mwezi wa Juni kunabwera tcheyamani wa chipani, bambo wamtali wa jekete yakuda, ali ndi ayufi awiri a malaya ofiira. Anaima pamulu wa mchenga n'kulengeza kuti nduna idzabwera kudzatsegula mlathowo kumayambiriro kwa Ogasiti. Ife tinkayembekeza kumaliza mu Seputembala. Palibe ananena kuti sizingatheke. Onse anawomba m'manja, nanenso ndinawomba nditaona manja a anzanga.

Mlathowo unali ndi khoma tsidya lino, khoma tsidya linalo, ndi chipilala chimodzi pakati pa mtsinje. Chipilalacho tinachithira konkire tsiku limodzi, kuli chifunga chozizira chochokera ku Chongoni. M'mawa womwewo makina ogwedeza konkire kuti ilowe bwino pakati pa zitsulo anafa. Kudikira ena kuchokera ku Lilongwe kukanadya sabata yathunthu. A Zefaniya anadulitsa nsungwi, anthu n'kumasinja konkire ndi nsungwizo ali pamwamba. Koma chipilalacho chinali chachitali, zitsulo zinali zothinana kumunsi, ndipo nsungwi sizinkafika pansi penipeni.

Patapita masiku anayi tinachotsa matabwa. Kunja kunkaoneka bwino, kupatula timabowo tochepa kumunsi, mbali yoyang'ana kumene madzi amachokera. A Zefaniya anatimata ndi simenti msangamsanga. Kenako anatenga hamala. Umenewu ndi mwambo wa ntchitoyi: kapitawo amagogoda konkire kuyambira pamwamba kutsika, anthu onse ali chete kumvetsera. Yolimba ili ndi kaliridwe kake, ya mphako mkati ilinso ndi kake.

Ine ndili ndi njira yanga. Amayi akamagula mbiya amaigogoda ndi chala kuti amve ngati ili ndi mng'alu. Nditagontha anayamba kundigwiritsa mbiyayo ndi manja awiri iwo akugogoda, mpaka zikhatho zanga zinadziwa kusiyanitsa yabwino ndi yong'aluka. Kukoleji ndinazoloweretsa manja omwewo pa njerwa ndi pa konkire. Choncho a Zefaniya atayamba kugogoda, ndinayala chikhatho pachipilala.

Pamwamba hamala inkandilasa m'dzanja kamodzi, mwachangu, ngati singano. Pakati chimodzimodzi. Atafika cha m'mawondo, chipilala chinayankha ngati ng'oma. Khungu la konkire linanjenjemera pansi pa chikhatho changa, kuseri kwake kulibe kanthu. A Zefaniya anagogodanso. Anasuntha pang'ono, n'kugogodanso. Malowo anali aakulu ngati chitseko cha khola la mbuzi. Ndinakweza maso. Anthu onse anali atayang'ana pansi.

Nthawi ya nkhomaliro anakhala pansi pa mkuyu monga mwa masiku onse, koma mothinana. A Zefaniya ankayankhula dzanja lili pakamwa. Oyankha nawonso ankaphimba pakamwa, kapena kuweramira m'mbale. Zaka zimenezo nkhani zenizeni zinkayankhulidwa chotero, ndipo zonse zinkandilambalala. Za mpira ndi za feteleza ndinkazidziwa, chifukwa zimenezo anthu amanena nkhope ili poyera.

Ndinakoka Alufeo malaya, n'kulemba m'kope langa: Kumunsi kwa chipilala kuli mphako. Wamva?

Iye analemba: Eya, ndamva.

Ndinalembanso: Nanga apo akuti chiyani?

Anagwira pensulo nthawi yaitali. Anayang'ana kwa a Zefaniya, anayang'ana kumsewu. Kenako anandibwezera pensuloyo osalemba kanthu, n'kundisisita paphewa.

Ndinaganiza kuti akupangana za kakonzedwe kake: kusema malo owolawo, kuyeretsa zitsulo, kuthira konkire ina. Mabuku athu amatero. Masana omwewo ndinatsegula buku la tsiku ndi tsiku n'kulemba kuti chipilala chapakati chili ndi mphako kumunsi, ndipo chisasenzetsedwe katundu chisanakonzedwe. Ndinajambula chipilalacho ndi rula, ndinaika miyeso yonse, malo a mphako ndinawadetsa ndi timizere topendekera. Sindinajambulepo bwino chotero. Mumtima ndinkati a Ezara akaona adzadziwa kuti sanalakwitse ponditenga.

Lachisanu a Ezara anabwera ali pa liwiro. Anasayina osawerenga, anang'amba masamba apamwamba, napita.

Lachiwiri lotsatira, ndili pa levulo, ndinaona wogwira ndodo tsidya lija ataiwala ndodo yake, akuyang'ana kumsewu. Landirova inali itaima pashedi yathu yosungiramo simenti ndi zida. Munatuluka a Ezara, tcheyamani uja, ndi ayufi ake awiri. A Zefaniya anandikodola.

M'shedimo munkanunkha simenti ndi dizilo. Tcheyamani anali ndi tsamba langa lija m'manja, limene a Ezara anakasiya ku ofesi ya kuboma. Ankatsegula pakamwa ponse poyankhula. Sindinakumanepo ndi munthu wosavuta kuwerenga ngati iye.

"Walemba izi ndani?"

A Zefaniya anandiloza ndi chibwano.

"Iwe! Ukuti mlatho wa boma ndi wowola? Ukuti nduna ikubwera kudzatsegula chinthu chowola? Wakutuma ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma a Ezara analowa pakati pathu, chipewa chili m'manja. Ndinasunthira kumbali kuti ndione milomo yawo.

"Bwana tcheyamani, pepani. Mwanayu ndi gonthi, tinangomutenga mwachifundo. Mphako ya konkire timaidziwa pomva kulira kwa hamala. Nanga iyeyu angamve ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Wayufi mmodzi anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Gonthi?" Tcheyamani anandizungulira n'kukaima kumbuyo kwanga. Ndinamva kamphepo m'khosi, kawiri. Ayenera kuti ankawomba m'manja pafupi ndi makutu anga. Sindinatembenuke. Atabwerera kutsogolo anali akumwetulira pang'ono, koma tsamba lija sanalisiye.

"Tiyeni tikamve tokha," anatero.

Tinatsikira mumtsinje tonse, madzi ali ochepa, tikuponda pamiyala. Anthu anasiya mafosholo n'kubwera. A Zefaniya anatenga hamala. Anagogoda pamwamba. Anagogoda pakati. Anazungulira chipilala chonse akugogoda cha m'chifuwa, msana uli chilili, osawerama ngakhale kamodzi.

"Mwamva chiyani, akulu inu?" tcheyamani anafunsa woswa miyala wina.

"Cholimba, bwana."

"Inu?"

"Ichi ndiye chidzaika adzukulu athu m'manda, bwana."

"Nanga iwe wasukulu mnzake?"

Alufeo anayang'ana nsapato zanga. "Cholimba," anatero.

Malo a mphako anali pafupi ndi bondo langa. Kunali kungowerama n'kuloza, basi. Dzanja langa linali litayamba kale kutsika. Pamenepo ndinaona a Ezara kuseri kwa phewa la tcheyamani. Anandiyang'ana m'maso n'kuyendetsa milomo pang'onopang'ono. Kholingo lawo silinkagwedezeka, ndipo palibe anatembenuka, choncho ndinadziwa kuti mawu sakutuluka.

"Ukaloza, upita ndi awa. Amayi ako sadzakuonanso."

Chigonthereni, kameneko kanali koyamba kuti munthu andinong'oneze.

Ndinabweza dzanja n'kuliika m'thumba.

"Ndinalakwitsa, bwana," ndinatero. "Ine sindimva."

Ndiyenera kuti ndinakuwa, chifukwa ayufi aja anadzidzimuka, kenako anaseka, ndipo anthu onse anaseka nawo. A Zefaniya okha sanaseke. Ankapukuta mutu wa hamala ndi chala.

Tcheyamani anapinda tsamba lija n'kuliika m'thumba la jekete. "Anthu otere mumawapatsiranji mabuku a boma, a Nkhoma? Ana amakutu atha m'dziko muno? Ndisadzamupezenso pano. Ndipo zimene mulembe za iyeyu ndikufuna kuziona."

Atapita kukayendera msewu ndi ayufi ake, ndinatsatira a Ezara ku Landirova. Ndinatulutsa pepala lobiriwira lija m'pulasitiki n'kuwapatsa. Panali patatsala masabata asanu ndi awiri okha kuti miyezi isanu ndi umodzi ija ikwane.

Analiyala pachiwongolero. Mzere wa kumunsi sanaukhudze. Analemba pamwamba pake, pamalo a ndemanga, kuti wophunzirayu sangathe ntchito ya pamalo omanga chifukwa samva, ndipo akhoza kusokoneza anzake.

"A injiniya, levulo ndimaitha," ndinatero. "Funsani a kapitawo."

"Ndikudziwa."

"Nditumizeni kwina. Ngakhale kokumba ngalande."

"Pepala ndi lomweli, kulikonse kumene ungapite." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Taona, mwana wanga. Ndikasayina, mawa andifunsa kuti gonthi uja wakhoza bwanji. Ngati wakhoza, ndiye kuti zimene analemba n'zoona. Zikakhala zoona, ine, a Zefaniya, iwe, tonse tikagona kumene sitikudziwa. Ndakupulumutsa. Lero sukuona, koma ndakupulumutsa."

Anandibwezera pepalalo. Atayatsa galimoto anatulutsa mutu pawindo.

"Chojambula chako chija chinali chabwino," anatero.

Alufeo anandipeza panjira yokwera kwathu, pamene pamathera minda ya mbatata ya kachewere. Anali wefuwefu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuima patsogolo panga kuti ndimuone bwino.

"Pamkuyu paja a Zefaniya anati palibe wamva kanthu. Anati nduna ikadutsa tidzasema malowo mwakachetechete n'kuthira ina, mvula isanagwe. Simenti yake anali atabisa kale."

"Bwanji sunandilembere?"

"Zimenezo salemba, Kalisto. Ndani amalemba zimenezo?"

"Ukanandiuza ndi pakamwa."

"Panali anthu. Ndimati ndikuuza mawa lake, kenako ndinaiwala kuti buku lili ndi iwe." Kenako anabwereza: "Ndinaiwala, achimwene."

"Ndiye adzakonzabe?"

Anapukusa mutu. "Akonza bwanji tsopano? Tonse tanena pamaso pa tcheyamani kuti n'cholimba. Wokhudza chipilala chija ndi chitsulo chosemera ndiye kuti akuti tcheyamani ananamizidwa. Palibe adzachikhudze."

Ndinakhala pamwala. Mphepo inkagwedeza udzu wouma mbali imodzi, phiri lonse likuwerama ndi kudzuka popanda phokoso. Alufeo anakhala chiimire. Kenako anatambasula dzanja.

"Kope lija."

Ndinamupatsa. Anatsegula mpaka anapeza tsamba lija pamene analemba kuti eya, ndamva. Analing'amba bwinobwino motsatira ulusi, monga ankachitira pondipatsa manotsi, analipinda kanayi n'kuliika m'sokosi. Anandibwezera kope.

"Usandide," anatero.

Ndinafuna kumukumbutsa za mutu ndi makutu, koma sindinadziwe kuti mawu anga atuluka aakulu bwanji. Iye anatsika kubwerera kuntchito.

Amayi ndinawapeza akupeta nyemba pakhonde. Iwo sadziwa kulemba. Akafuna kundiyankhula amandigwira chibwano n'kunditembenuzira kwa iwo, monga ankachitira ndili mwana. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera lichero lili pamiyendo.

"Sanakumenye?"

"Ayi."

"Sanalembe dzina la mudzi?"

"Sindikudziwa, amayi."

Anandigwira chibwano mwamphamvu kuposa masiku onse. "Aliyense akakufunsa, unene kuti unadwala. Wamva? Unadwala mutu, akubweza." Anazindikira kuti zala zawo zikundipweteka, n'kundisiya. "Bola wabwera ndi miyendo yako."

Ndinatumizabe pepala lija kukoleji, pamodzi ndi kalata ya masamba atatu yopempha kuti andipatse malo ena. Za chipilala sindinatchulemo. Popanda chipilalacho kalatayo inalibe chonena, inangokhala ya munthu wosamva wopempha chifundo. Yankho linabwera mu Seputembala kudzera kutchalitchi. Linali la mizere inayi. Anati malinga ndi ndemanga ya injiniya, sangandilole kulemba mayeso otsiriza, ndipo akundilangiza kuganizira ntchito yogwirizana ndi mmene ndilili, monga ukalipentala kapena kusoka.

Mlathowo unali utatsegulidwa kale pamenepo. Amayi anali m'gulu la azimayi amene anatengedwa kukavina. Anabwerako mapazi atatupa, ndipo anandiuza kuti galimoto za nduna zinadutsa zisanu ndi ziwiri, chipilala osagwedezeka. Anandiuza mokondwa, ngati nkhani yoti indichiritse.

Mvula inagwa chaka chimenecho, inagwanso chaka chinacho. Mlatho ulipobe. Alufeo anamaliza, ndipo ndinamva kuti ali ku Kasungu, amayenda pa njinga yamoto ya kuntchito. M'mudzi muno anthu amati sukulu inandikanika chifukwa cha makutu, ndipo sanena mwankhanza. Ena amabwera kuti ndiwayezere maziko a nyumba ndi chingwe. Ndimawayezera.

Tsiku la msika ine ndi amayi timasenza kachewere kupita naye ku Chimbiya, ndipo njira yake ndi ya pamlatho womwewo. Tikafika ndimatula thumba langa m'mbali mwa msewu n'kutsikira mumtsinje. Amayi anasiya kundifunsa. Amangopitirira, dengu lili pamutu, n'kukandidikira tsidya linalo.

Simenti imene a Zefaniya anamata ija inayamba kusweka, ndipo m'timabowo mumatuluka madzi a dzimbiri. Ndimawerama n'kuyala chikhatho pamalopo, n'kudikira. Lole ya fodya kapena ya feteleza ikamadutsa pamwamba, ng'oma ija imalira m'dzanja langa, ndipo chaka chilichonse imalira malo okulirapo. Tsopano yafika cha m'chiuno.

Ndimayang'ana m'mwamba. Ana asukulu amakhala atatsamira pazitsulo za m'mbali, miyendo ili lendelende, akuseka gonthi amene amapatsa moni chipilala. Kope lili m'thumba, pensulo ilinso momwemo. Ndimapukuta dzanja pa buluku, n'kukwera kukasenza thumba langa.